Ulusi Wofiira

Anthu a mu Zomba muno ndimawadziwa
poyambira kumapazi.
Zaka khumi ndi zinayi pansi pa jakaranda uyu,
singano yokhota, ulusi wopaka phula,
ndi kawailesi komanga ndi mphira.
Nkhope ndimaiwala. Chidendene ayi.

Lachinayi lija anadutsa pano cha m'ma naini:
amayi a tomato, a matemba a ku Chilwa,
anyamata a kabaza akukankha njinga zawo.
Ankapita kwa bwanamkubwa ndi pepala limodzi.
Pepala!
Lopinda kanayi, lili m'kajumbo ka shuga kuopa mvula.
Linkafunsa za chiphaso cha mumsika chokwera kawiri
pomwe chimbudzi adachikhoma chaka chatha.
Basi.
M'manja munali nthambi zamasamba ndi mabotolo a madzi.
Wina anabereka mwana, mwanayo akudya chitumbuwa.

Wolamula sindinamuone.
Ndinangomva phuu, phuu, kenaka tho! tho! tho!
phiri lonse n'kubisala mu nkhungu
yosachokera kumwamba.
Ndinagona chafufumimba kunsi kwa benchi,
mphuno m'zikopa,
ndikulira misozi yomwe sindinaiitane.

Utsi utatha, msewu wonse mpaka pa mlatho
unali wa nsapato zokhazokha.
Wothawa imfa sawerama.
Ndinatolera m'thumba la feteleza:
mapatapata oduka, masofiya, nkhwaila,
kansapato kasukulu kopanda lamba.
Makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri,
iliyonse yamasiye.

Madzulo wailesi inati bata labwerera mumzinda,
palibe wavulala.
Ndinayang'ana thumba.
Thumba linandiyang'ana.

Eni ake ankabwera mozemba,
ngati opempha mchere usiku.
Abiti Mdala, bandeji atabisa m'duku.
Likisho patatha masabata awiri,
akununkha chitokosi, nthiti zosalola kuseka,
mlandu wake mpaka lero sanamuuze.
Sankayankhula zambiri.
Kulowetsa phazi, kugwedeza mutu, kumapita.

Yatsala imodzi.
Yakumanzere, yakuda, saizi faifi.
Ndinaisoka ndine mwezi wa Malichi
ndi ulusi wofiira, poti wakuda unali utatha.
Asiyatu anakwinya nkhope:
"Madala, ikuoneka ngati chilonda."
Anandilipira theka,
n'kundipimira mulu wa therere, wa basela pamwamba.

Inzake inapita naye ku chipatala chachikulu
pa wilibala ya makala.
Chikalata chinati anakomoka yekha, mtima.
Koma amayi omwe anamusambitsa ku Chinamwali
anaona kabowo kunsi kwa phewa,
kolowa chala chankombaphala.
Anaonetsana ndi maso,
n'kumukulunga mu sanda dzuwa lisanapendeke.

Pepala lija sindidziwa linathera kuti.
Mwina Likangala analiwerenga.

Dzulo kunabwera wapolisi,
mwana ndithu, ndevu zongoyamba kumera,
jombo itayasamula kutsogolo.
"Mundisokereko msanga, mawa kuli perete."
Ndinalandira. Ana anga amadya.
Anakhala pa benchi lomwe lija,
phazi limodzi m'mwamba,
chala chikusuzumira pa sokosi yobooka,
ndipo ndinadabwa kuti nacho n'chala wamba,
chikhadabo chosawenga, ngati cha mwana wanga.

Maso ake anakwera pa msomali
pomwe ndinapachika ya Asiyatu.
"Mwini wake sanabwerebe?"
Ndinati, "Akubwera."
Anayang'ana kumsika. Anayang'ana kumlatho.
Sanafunsenso.

Sindikudziwa ngati ndi iye.
Jombo zonse n'zofanana,
amazipanga dala choncho.

Ulusi wakuda unalipo, mpukutu wathunthu.
Ndinaupitirira.
Ndinasoka jombo ija mfundo ndi mfundo,
molimba, kuti isadzamasuke msanga,
ndipo mawa pa perete, akadzati maso kutsogolo,
pansi padzakhala kamzere kofiira
kakuyenda naye,
kumanzere, kumanja, kumanzere.